Ndani Athire Mchere M'madzi a Achimwene?

Magaye, takhalani kaye pansi. Amene muli pa njinga tsikani. Amene mukutchaja foni kwa neba musachotse, ingosenderani ku soketi. Sabata ino za mpira ndilibe. Ndili ndi nkhani ya theka la kasupuni ka mchere, kamene kanatsala pang'ono kutigulitsa bokosi la maliro pa layini pathu.

Achimwene anga a Daisoni, amene ndimakhala nawo ku nyumba za kampani kuno ku esiteti, amatchola tiyi. Munthu wamphamvu zake, wosadwaladwala. Koma ali ndi lamulo lawo limodzi: m'munda madzi samwa. Akuti ukamwa umafuna kukataya madzi, ndipo pamene iwe ukusaka pobisala anzako akudzaza madengu, kenako pa sikelo ukaoneka ngati unabwera kudzaona malo. Ndiye munthu amatuluka thukuta kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, dengu kumsana, kukhosi kuli gwa, ati kumeneko ndiye kulimbikira. Si okha ayi. Pitani m'mizere ya tiyi mukawerenge mabotolo a madzi, mubwera mudzandiuze.

Lolemba anaweruka akugwira pamimba. Pofika Lachiwiri m'mawa anali atatsegula njira yawoyawo yopita kuchimbudzi, udzu wonse utagona. Nyengo ya mvula ino mukuidziwa, madzi a pachitsime amabwera ndi alendo ake.

Alamu anga, akazi awo, amake Tadala, anachita zonse zoyenera. Anawiritsa madzi, anaphika phala, anawauza kuti tiyeni ku kiliniki. Achimwene anakana. Akuti kutsegula m'mimba ndi matenda a makanda, iwo sangakaime pamzere umodzi ndi ana obelekedwa kumbuyo.

Apa ndiye ndinalakwitsa ine. Ndinalemba pa gulupu ya banja kuti achimwene sakupeza bwino, tiwakumbukire m'mapemphero. Ndinaikanso timanja tiwiri topemphera tija. Ine ndimati anthu ayankha kuti ameni, basi.

Madzulo a Lachiwiri lomwelo azakhali a Esinati anatsika pa njinga yamoto kuchokera kwa Khwethemule.

Azakhali ndi mlongo wa malemu bambo athu. Amuna awo anamwalira kalekale, iwo n'kukhala mzati wa kumpingo, duku loyera losadziwa fumbi. Akayankhula, ngakhale nkhuku zimasiya kupalasa. Analowa m'nyumba, anayang'ana achimwene pamphasa, maso atalowa, masaya ataphwa. Sanafunse kuti amwa madzi a kuti. Sanafunse kuti apita kangati panja. Anatembenukira kwa alamu, n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Ndiwo za Lamlungu anathira mchere ndani?"

Anzathu a m'tauni, ndikuthandizeni. Kuno kuli chikhulupiriro cha mdulo. Akuti mkazi akakhala kumwezi, kapena akazembera mwamuna wake, n'kuthira mchere m'ndiwo, wodyayo amadulika, amayamba kufota ndi kubanika. Munthu amene wangokhala kumene malo amodzi ndi mnzake amatchedwa wotentha, ndipo sayenera kugwira mchere wa wodwala. Amathira ndi wozizira, mwana kapena nkhalamba. Ndiye funso la azakhali lija silinali funso ayi. Unali mlandu, chigamulo ndi chilango, zonse m'mawu asanu ndi limodzi.

Alamu anayankha kuti anathira ndi iwo, monga mwa masiku onse. Azakhali anangoti "eya," n'kutenga paketi ya mchere pashelefu, n'kuimangirira pa nsonga ya chitenje chawo. Analamula kuti mpaka nkhaniyi itaoneka mutu wake, m'nyumbamo mchere usaoneke. Wodwala adye phala lozizira ngati la kundende, amwe madzi okhaokha, ambirimbiri, atsuke m'mimba.

Alamu anapita kuseri kukatsuka mbale zimene anali atatsuka kale.

Lachitatu cha m'ma teni koloko zinthu zinafika poipa. Achimwene anakuwa kuti miyendo ikukokana, akatumba atalimba ngati chinangwa chouma. Mawu anasasa. Mkodzo umene anataya m'chitini unali timadontho, wofiirira ngati tiyi wa giredi yoyamba, woti a kampani akanauona akanautumiza kunja. Ndinawatsina pamimba, khungu linaima chilili osabwerera. Kenako kupuma kunasintha. Anayamba kukoka mpweya wautali, mofulumira, ngati munthu amene wakwera chitunda ndi dengu lodzaza, pamene ali gone pamphasa.

Azakhali anagwedeza mutu ngati dokotala amene mayeso ake atuluka. Anati taonani, mdulo umathera m'chifuwa.

Ine ndinatuluka panja, pamwala paja pamene netiweki imagwira, n'kuyamba kufufuza. Sukulu ine sindinapite nayo patali, mukudziwa, koma bandulo ikakhalapo ndimawerenga mpaka batire kupempha chifundo. Zimene ndinapeza ndikuuzani m'Chichewa chathu, popanda mawu othyola lilime.

Thupi lathuli mbali yaikulu ndi madzi. Koma si madzi a pampopi ayi, ndi madzi amchere. Munalawapo thukuta lanu? Misozi nanga? Mcherewo ndi umene umagwira madzi kuti akhale m'magazi, ndipo ndi umenenso umachititsa kuti minofu igwire ntchito, kuphatikiza mtima weniweniwo. Kumene mchere wapita, madzi amalondola.

Kapitawo wa zonsezi ndi impso. Madzi akachuluka, impso zimatsegula geti, mumakodza zambiri zoyera. Akachepa, ubongo umakutumizirani ludzu, n'kuuza impso kuti tsekani geti, musatulutse kanthu. N'chifukwa chake mkodzo umachepa n'kuda. Impso za achimwene zakhala zikugwira ovataimu m'munda muja zaka zonsezi popanda wozithokoza.

Tsono munthu akatsegula m'mimba sataya madzi okha, amataya ndi mchere womwe. Inu mukamuthira madzi okhaokha, muli ngati mayi amene alendo amuchulukira, akungowonjezera madzi mumphika wa nyemba. Mphika udzaza, inde. Koma zimenezo ndi ndiwo? Kamchere kotsalako kamasungunuka, miyendo n'kuyamba kukokana, mutu n'kuyamba kusokonekera.

Nanga kupuma kuja? Apa mpamene ndinaimirira pamwala. Mukudziwa soda amene timathira m'therere? Thupi lili ndi wakewake wamtundu umenewo, amene amaziziritsa asidi kuti asachuluke m'magazi. Wambiri amadutsa m'matumbo, ndiye ukatsegula m'mimba amapita kuchimbudzi limodzi ndi zina zonse. Asidi akakwera, mapapo amalowererapo, amapuma mwamphamvu kuti atulutse mpweya woipa umene umawonjezera asidiyo. Ndiye kupuma kumene azakhali amati ndi umboni wa chigololo kuja, linali thupi la achimwene likudzimenyera nkhondo lokha. Ndipo musakamwetse munthu soda wa therere n'kumati wanena ndi Limbani. Sindinatero. Munthu akafika popuma choncho, malo ake ndi kuchipatala.

Ndinaimbira mnzanga wa njinga yamoto. Anati ali ku Masambanjati ndi kasitomala, msewu ndi matope, timupatse ola limodzi. Ola limodzi, munthu akuphwa ngati chubu.

Chimene tikanatha kuchita podikira n'chodziwika, ngakhale pa khoma la kiliniki chinajambulidwa: lita imodzi ya madzi owiritsa, timasupuni sikisi ta shuga, theka la kasupuni ka mchere. Shuga amathandiza mchere kulowa m'matumbo, mchere n'kukoka madzi. Timapaketi tokonzeratu tija m'nyumba munalibe. Madzi analipo. Shuga analipo. Mchere unali pa chitenje cha azakhali.

Ndinalowa, ndinafotokoza zonse, za impso, za soda, za mapapo, mwina mothamanga kwambiri. Azakhali anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kundifunsa ngati foni yangayo inaikapo maliro. Anati iwo anaona anthu atatu akufa ndi mdulo ine ndisanabadwe. Paja amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Vuto ndi loti wotsegula m'mimba sagonera.

Amene anathyola khomalo si ine ayi. Ndi achimwene eni ake. Ndi timawu tosasa tija anati, "Azakhali, ndikufa ine. Ndipatseni."

Azakhali anamasula mfundo ya pachitenje, n'kuika paketi pa tebulo. Anati chabwino, mchere ulowe, koma uthiridwe ndi dzanja lozizira.

Ndiye tiyeni tiwerenge manja amene analipo.

Alamu, ndiwo oimbidwa mlandu, sakanayandikira. Tadala ndi ana onse a pa layini anali kusukulu, amene anatsala ndi oyamwa, oti ukawapatsa supuni aika m'kamwa. Mayi a nyumba yoyandikana nafe, amene anabwera atamva kukuwa kuja, anabisa manja kumbuyo, ati iwo ali pabanja ndipo abambo akunyumba ali patchuthi sabata ino, tisawafunse zambiri.

Maso onse anapita kwa azakhali. Mayi wamasiye. Duku loyera. Ngati pa Thyolo pano pali dzanja lozizira kuposa firiji, ndi limenelo.

Azakhali anayang'ana kudenga. Anakonza duku. Anati dzanja lawo likunjenjemera masiku ano, angathire wambiri.

Dzanja lomwe lija linamanga mfundo yoti ine ndi mano sindikanamasula.

Mayi a neba anatsokomola, n'kuyamba kuyang'ana chithunzi cha pakalendala ngati akuchiona koyamba. Ine sindikunena kanthu, magaye. Ndikungoti bambo wina wogulitsa nthochi kwa Khwethemule wakhala akukonza denga la azakhali kuyambira chaka chatha, ndipo dengalo silikutha.

Anatsala ndani? Ine.

Tsono inu mukundidziwa. Mwakhala mukuona sitetasi yanga. Mtsikana wa tsitsi lalitali uja, amene ndimalemba kuti "wanga wa ku Luchenza." Loweruka lililonse ndimavala jini yanga n'kunena kuti ndikukamuona. Pa layini ponse amadziwa kuti Limbani ndi moto. Azakhali nawo ali pa gulupu, amaona. Anandiyang'ana n'kunena kuti uyu ndiye asayandikire n'komwe, Loweruka lomweli anali ku Luchenza.

Achimwene anali akupuma ngati mvukuto. Alamu ataima pakhomo, manja ali pakamwa.

"Azakhali," ndinatero, "ku Luchenza kulibe munthu."

Anati ndibwereze.

"Chithunzi chija ndinachitenga pa intaneti. Mtsikanayo sindikumudziwa, mwina si wa m'dziko muno n'komwe. Loweruka ndimapita kukaonera mpira pa shopu ya mnzanga. Ine ndine wozizira, azakhali. Chibadwire."

Mayi a neba anatuluka panja mothamanga, mapewa akugwedezeka. Achimwene, munthu woti akufa, anatsegula diso limodzi n'kunong'ona kuti, "Ndinadziwa ine."

Ndinathira mchere. Theka la kasupuni. Ndinatakasa, ndinalawa kuti usapose misozi kuwawa, alamu n'kukhala pansi kumawamwetsa pang'onopang'ono. Kumwetsa kokha azakhali analola, poti mchere unali utalowa kale. Malamulo ake ndi otero, musandifunse.

Njinga itafika tinawakweza pakati, ine kumbuyo nditawagwira, botolo lili m'manja. Ku kiliniki adokotala anangowaona kapumidwe, osafunsa zambiri, n'kuwaika diripu. Atamaliza anafunsa kuti takhala tikuwapatsa chiyani masiku awiriwa. Nditanena kuti madzi okhaokha ndi phala lopanda mchere, anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Anati botolo limene tinabwera nalo likanayamba Lolemba, mwina diripuyo sikanafunika, ndipo tikanachedwa tsiku lina, impso zikanatopa. Anafunsa chimene tinaletsera mchere. Ndinati ndi nkhani yaitali. Anati amaidziwa, siyoyamba.

Siyoyamba. Mawu amenewo ndi amene andilembetsa zonsezi.

Ife anthu a kuno tili ndi luso limodzi lalikulu. Munthu akadwala sitifunsa kuti chavuta n'chiyani, timafunsa kuti wachititsa ndani. Ndipo wochititsayo, mwa mwayi wodabwitsa, nthawi zonse amakhala atavala chitenje. Mwamuna amwe madzi a m'ngalande, akane chipatala, aumitse impso zake m'munda chifukwa cha sikelo, palibe amene amuyang'ane kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Koma mkazi amene wakhala akumuwiritsira madzi, ameneyo ndiye tifufuze kumene anali Lachisanu.

Ndipo taonani mmene timaukondera mchere tikakhala bwino. Pa chiwaya timathira mpaka tchipisi kuyera. Mango osapsa, mchere. Chinangwa, mchere. A kuchipatala akatiuza kuti tichepetse chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, timati akufuna kutipha ndi njala. Koma tsiku limodzi lokha limene thupi likuufuna mcherewo kuti munthu akhale moyo, ndi tsiku limene timaumangirira pa chitenje. Nzeru zimenezi tinazigula kuti?

Sindikunyoza makolo, musandiponye miyala. Mwina lamulo lija linali ndi ntchito yake, kuopseza anthu kuti asamazemberane. Ngati ndi choncho, tikuona tonse mmene lagwirira ntchito bwino, mpaka madenga kwa Khwethemule sakutha kukonzedwa. Koma impso sizidziwa kuti wathira ndani. Matumbo safunsa kuti dzanjali linagona kuti. Amangofuna theka la kasupuni.

Pali chinthu chimodzi chimene chikundisowetsa mtendere. Ine sindinagonjetse mdulo tsiku lija. Ndinaugonjera. Ndinavomera kuti pakufunikadi dzanja lozizira, n'kupereka langa. Ndiye pa layini pano nkhani imene ikuyenda si ya impso kapena ya soda ayi. Ikuti a Daisoni anachira chifukwa mchere unathiridwa ndi mnyamata wosadziwa mkazi. Mayi wina wandipeza kale dzulo kuti mwana wawo akadwala adzandiitana. Ndapeza ntchito, magaye. Wothira mchere wa esiteti yonse.

Achimwene atuluka m'chipatala Lachisanu. Akuyenda mogwira khoma, koma akuyenda, ndipo alamu akuwadyetsa nthochi ngati nyani poti adokotala anati zimabwezera mchere wina umene unatayika. Ndawapezera botolo loti azipita nalo kumunda. Alilandira, koma andifunsa ngati lili ndi chimbudzi chake.

Azakhali ananyamuka Lachinayi m'mamawa, ati kwawo kuli msonkhano wa amayi. Pa gulupu analemba kuti tithokoze Mulungu mwana wathu wachira. Kwa alamu sananene kanthu. Palibe amene wanena kanthu. Achimwene nawo, amene akudziwa bwino madzi amene anamwa, angoti zinthu zatha, tisazikumbe.

Dzulo masana ndinawapeza alamu kukhitchini, mphika wa masamba uli pamoto, paketi ya mchere ili m'manja. Ataima. Zaka khumi akuphikira nyumba imeneyi, koma anaima ngati mlendo. Atandiona anandilozera paketiyo, osaseka, n'kundifunsa kuti, "Alamu, muthira ndinu kapena ndithire?"

Ndinawauza kuti athire. Anathira. Tinadya tonse, ndipo mpaka pano palibe amene wadulika.

Sitetasi ija ndachotsa. Anyamata a pa shopu andipatsa kale dzina, akuti Firiji, ndipo ndikudziwa kuti ndifa nalo. Palibe kanthu, achimwene ali moyo.

Koma tandiuzani, magaye, inu amene mukuseka mpaka foni kugwa. Tiyerekeze kuti wa ku Luchenza uja analipodi, ndipo Loweruka ndinalidi kumeneko. Ana ali kusukulu, azakhali akuyang'ana kudenga, njinga ili m'matope ku Masambanjati, mbale wanu akupuma ngati mvukuto, mchere uli pa tebulo. Inu mukanadikira Tadala aweruke, kapena mukanawapatsa alamu supuni?